Orton Ching'oli Chirwa: Loya Woyamba wa Dziko Lino Amene Adafera M'ndende ya Zomba

Anthu a kwa Mwambo, ndi onse okhala m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, amaidziwa bwino ndende ya Mikuyu imene ili m'chigwa cha pakati pa nyanjayo ndi tauni ya Zomba, ndipo akafika m'tauni kudzagulitsa matemba ndi mpunga amaona mpanda wa ndende yaikulu ya Zomba. Masiku ano ndendezi timazidziwa ngati malo osungira anthu olakwira malamulo. Koma achikulire akukumbukira nthawi imene m'makoma amenewa munkalowa aphunzitsi, alembi a m'boma, atolankhani ngakhale nduna zomwe, anthu amene sadabe kanthu kapena kupha munthu, koma adangonena zimene boma silidafune kumva. Mmodzi wa anthu otere adali malemu Orton Edgar Ching'oli Chirwa, loya woyamba wachikuda wa dziko lino, amene adayambitsa chipani cha Malawi Congress, nakhala nduna yoyamba ya zachilungamo m'Malawi wodzilamulira, koma potsiriza pake adafera m'ndende ya Zomba. Lero tifuna tiutsate moyo wa bamboyu kuyambira pa chiyambi.

Ubwana ndi maphunziro

A Chirwa adabadwa pa 30 Januwale 1919 m'boma la Nkhata Bay, pakati pa Atonga. Dera limeneli lidalandira msanga sukulu za mishoni ya Livingstonia, pakuti azungu a mishoniyo adakhazikika pa Bandawe m'chaka cha 1881. Motero Atonga ambiri adadziwa kulemba ndi kuwerenga anzawo a m'madera ena asanaone n'komwe choko ndi sileti. Kumeneko ndi kumenenso kudachokera Elliot Kamwana, mlaliki amene boma la atsamunda lidamchotsa pakati pa anthu ake m'chaka cha 1909 chifukwa cha ulaliki wake, ndipo pambuyo pake adakasungidwa ku zilumba za Seychelles kufikira mu 1937. Choncho a Chirwa adakulira m'dera limene anthu ankadziwa kale kuti munthu angathe kutengedwa ndi boma chifukwa cha mawu okha.

Atatha maphunziro a m'sukulu za mishoni, a Chirwa adapita ku South Africa kukaphunzira pa koleji ya Fort Hare. Koleji imeneyi idasula atsogoleri ambiri a mu Africa, monga Nelson Mandela, Oliver Tambo, Robert Mugabe, ndiponso mnzawo wa kuno kwathu Henry Masauko Chipembere. Atalandira digiri yawo adabwerera kumudzi, nayamba kuphunzitsa pa sukulu ya aphunzitsi ya Domasi m'boma lomwe lino la Zomba. Aphunzitsi amene mukuwerenga nkhani ino dziwani kuti munthu uyu adayamba wagwira choko monga inu nomwe asanavale mkanjo wa uloya. M'chaka cha 1951 adakwatira Vera Chibambo, mayi amene adadzakhala mnzawo pa ndale, pa uloya, ndi pa masautso onse a m'tsogolo.

Zaka zimenezo nkhani idali m'kamwam'kamwa idali ya chitaganya. Azungu a ku Southern Rhodesia ankafuna kuphatikiza dziko lawo ndi Northern Rhodesia ndi Nyasaland pansi pa boma limodzi lolamulidwa ndi iwo. Anthu akuda kuno adakana, popeza ambiri mwa iwo adagwirako ntchito m'migodi ndi m'minda ya kumeneko, ndipo tsankho la kumeneko adaliona ndi maso awo. A Chirwa adali mmodzi wa ophunzira amene adalemba ndi kulankhula motsutsa ganizo limeneli. Koma boma la Britain silidamve, ndipo chitaganya chidayamba mu 1953. Ataona kuti mzungu akulamulira ndi cholembera ndi buku la malamulo, a Chirwa adapita ku London kukaphunzira malamulo omwewo. M'chaka cha 1958 adavomerezedwa kukhala loya pa Lincoln's Inn, nabwerera kuno ali munthu wakuda woyamba wa Nyasaland kufika pa udindo umenewo.

Ndende yoyamba

Chaka chomwecho, pa 6 Julayi, Dr. Hastings Kamuzu Banda adafika m'dziko muno kudzatsogolera chipani cha Nyasaland African Congress, ndipo moto wokana chitaganya udakolera ponseponse. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pa chipwirikiti. Chipani cha Congress chidaletsedwa, anthu oposa 1,000 adamangidwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo anthu pafupifupi 50 adaphedwa. Imfa zochuluka koposa zidachitikira padoko la Nkhata Bay, kwawo kwenikweni kwa a Chirwa, pamene asilikali adawombera khamu la anthu amene adasonkhana kufuna kuti abale awo omangidwa amasulidwe. A Chirwa ndi akazi awo nawonso adagwidwa, ndipo bamboyo adatumizidwa kundende ya ku Southern Rhodesia. Iyi ndiyo idali ndende yawo yoyamba, ndipo wowatsekera adali mtsamunda.

Boma la Britain lidatuma bungwe lotsogozedwa ndi jaji Patrick Devlin kuti lifufuze zimene zidachitika. Lipoti lake, limene lidatuluka mu Julayi 1959, lidapeza kuti anthu ochuluka a dziko lino sankachifuna chitaganya, ndiponso kuti Nyasaland idali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Mwezi wa Ogasiti a Chirwa adamasulidwa. Atsogoleri anzawo adali akadali m'ndende za Gwelo, Khami ndi Kanjedza, ndipo anthu adali ngati nkhosa zopanda mbusa. Tsono pa 30 Seputembala 1959 a Chirwa adakhazikitsa chipani chatsopano, Malawi Congress Party, iwo nakhala pulezidenti wake woyamba, mnyamata Aleke Banda nakhala mlembi wamkulu. Luso lawo la malamulo lidathandiza kuti chipanicho chiyende mosapatsa boma chifukwa chochiletsera, ndipo m'miyezi yowerengeka chidafalikira m'dziko lonse.

Apa m'pamene tiyenera kuona mtima wa munthuyu. A Chirwa adanena poyera kuyambira pachiyambi kuti mpando akungosungira Dr. Banda. Adakana zokambirana za tsogolo la dziko popanda mtsogoleri amene adali m'ndende, ndipo Dr. Banda atatulutsidwa pa 1 Epulo 1960, a Chirwa adapereka mpandowo patangopita masiku owerengeka. Ndi anthu ochepa m'ndale amene amatula pansi udindo atalawa kukoma kwake. Komabe tisabise mbali ina. Atsogoleri achinyamata a nthawi imeneyo, pofuna kuti anthu agwirizane pambuyo pa munthu mmodzi, adakweza dzina la Dr. Banda mopitirira muyeso, ndipo m'chaka chomwecho cha 1960 msonkhano wa chipani ku Nkhotakota udawapatsa upulezidenti wa chipani wa moyo wawo wonse. Panthawiyo zidaoneka zanzeru, pakuti mdani adali chitaganya. Koma mphamvu zimene adaunjika m'manja mwa munthu mmodzi ndi zomwezo zimene zidadzawatembenukira.

Unduna ndi kugawanika

Chipani cha Malawi Congress chitapambana chisankho cha mu Ogasiti 1961, a Chirwa adapatsidwa udindo mu unduna wa zachilungamo, ndipo pambuyo pake adakhala nduna yake. Ntchito yawo yaikulu idali kukonza makhothi a kumidzi. Kale milandu ya kumudzi inkaweruzidwa ndi mafumu amene adalinso olamulira ndi okhometsa msonkho m'malo mwa boma. Lamulo la mu 1962 lidalekanitsa ntchito ziwirizi, kuti woweruza akhale wina, wolamulira akhalenso wina. Mfundo yake ndi yosavuta kumva: munthu amene wakumanga sayenera kukhalanso wokuweruza. Mfundo imeneyi tiisunge, pakuti tikumana nayonso kutsogoloku.

Dziko lidalandira ufulu pa 6 Julayi 1964, a Chirwa ali nduna ya zachilungamo ndiponso mlangizi wamkulu wa boma pa malamulo. Koma chisangalalo sichidakhalitse. Pasanathe miyezi iwiri nduna zidasemphana maganizo ndi Dr. Banda pa zinthu zingapo: ganizo lobwezeretsa lamulo lomanga anthu popanda kuwazenga mlandu, tiki imene odwala ankalipira kuchipatala, malipiro a ogwira ntchito m'boma potsatira lipoti la Skinner, kuchedwa kopereka maudindo kwa Amalawi, ubale ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, ndi nkhani ya thandizo lochokera ku China. Koma gwero la zonse lidali lakuti nduna zinkafuna kuti zinthu zizikambidwa pamodzi, osati kugamulidwa ndi munthu mmodzi. Zidalemba madandaulo awo pa hotela ya Ku Chawe pamwamba pa phiri la Zomba, ndi kukawapereka.

Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma Dr. Banda adaona chenjezo limeneli ngati kuukira. Pa 7 Seputembala 1964 adachotsa a Chirwa, a Kanyama Chiume ndi a Augustine Bwanausi pa unduna, pamodzi ndi Mayi Rose Chibambo amene adali wothandiza nduna. A Yatuta Chisiza, a Willie Chokani ndi a Chipembere adatula pansi maudindo awo pogwirizana ndi anzawowo. Nyumba ya Malamulo itakumana ku Zomba pa 8 ndi 9 Seputembala, aphungu adaima ndi Dr. Banda. Kutha kwa mwezi umenewo m'tauni ya Zomba mudabuka ndewu pakati pa ogwira ntchito m'boma, amene ambiri ankakonda ndunazo, ndi achinyamata a chipani. Moyo wa a Chirwa udali pa ngozi, ndipo chaka chisanathe adathawira ku Tanzania.

Zaka za kuchilendo

Ku Dar es Salaam a Chirwa adakhala zaka 17 akugwira ntchito ya malamulo, ndipo Mayi Chirwa, amene nawonso adaphunzira uloya ku London nakhala loya woyamba wamkazi wa Malawi, pambuyo pake adakaphunzitsa malamulo pa yunivesite ya Zambia ku Lusaka. Anzawo ena adayesa njira ya mfuti. A Chipembere adanyamuka ndi gulu lawo ku Fort Johnston mu Febuluwale 1965 koma adalephera pa doko la Liwonde, ndipo a Yatuta Chisiza adaphedwa mu Okutobala 1967 atalowa m'dziko ndi anthu owerengeka kudzera cha ku Mwanza. M'chaka cha 1977 a Chirwa adayambitsa chipani cha Malawi Freedom Movement, chimene anthu ankachitchula kuti MAFREMO, chofuna kusintha kayendetsedwe ka dziko.

Pamenepo n'kuti kumudzi kuno zinthu zitasinthiratu. Mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi mwa lamulo, ndipo mu 1971 Dr. Banda adakhala pulezidenti wa moyo wawo wonse. Mu 1967 mpingo wa Mboni za Yehova udaletsedwa, makamaka chifukwa anthu ake ankakana kugula makadi a chipani. Ambiri adamenyedwa, adatenthedwera nyumba, adatsekeredwa ku Dzaleka, ndipo zikwizikwi adathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Ndende ya Mikuyu idadzaza ndi anthu osazengedwa mlandu. Ngakhale a Aleke Banda, amene adayambitsa chipani pamodzi ndi a Chirwa, adatsekeredwa mu 1980 ndipo adakhala zaka 12 osaonekera kukhothi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Makhothi aja nawonso adasinthidwa. Potsatira milandu ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe mu Blantyre, lamulo la mu 1969 lidapatsa makhothi a miyambo mphamvu yoweruza milandu ikuluikulu mpaka kugamula kuti munthu anyongedwe, ndipo pambuyo pake adapatsidwanso milandu youkira boma. Oweruza ake ambiri adali mafumu osankhidwa ndi pulezidenti, amene akadathanso kuwachotsa nthawi iliyonse, ndipo woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Majaji achizungu a khothi lalikulu adasiya ntchito posagwirizana ndi zimenezi. Motero zimene a Chirwa adalekanitsa mu 1962 zidalumikizidwanso, ndipo womanga adakhalanso mwini wa woweruza.

Kugwidwa ndi mlandu

Pa 24 Disembala 1981, tsiku loti mawa lake ndi Khirisimasi, a Chirwa, akazi awo ndi mwana wawo Fumbani adali paulendo kum'mawa kwa Zambia, cha ku Chipata. Kumeneko adagwidwa ndi anthu a chitetezo a Malawi ndi kuwolotsedwa malire. Boma lidanena kuti adawagwira atalowa okha m'dziko, koma iwo adaumirira mpaka mapeto kuti adachita kubedwa ali m'dziko la Zambia. Fumbani adasungidwa zaka ziwiri popanda mlandu, namasulidwa mu 1984.

Mlandu wa makolo ake udayamba mu 1982 m'khothi la miyambo la chigawo cha kum'mwera ku Blantyre, ndipo adawaimba mlandu wofuna kugwetsa boma. Taganizani, awerengi: loya woyamba wachikuda wa dziko lino ndi mkazi wake, loya woyamba wamkazi, ataimirira pamaso pa khothi limene silidalole loya. Adadziimira okha, ndipo pempho lawo loti aitane mboni zochokera kunja lidakanidwa. Mu Meyi 1983 onse awiri adagamulidwa kuti anyongedwe. Mwezi womwewo nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adagwidwa ku Zomba, nagonekedwa usiku umodzi ku Mikuyu, ndipo adakaphedwera ku Thambani m'boma la Mwanza. Umu ndi mmene nyengo idalili.

A Chirwa adachita apilo. Khothi la apilo la miyambo lidavomereza kuti mlanduwo udali ndi zolakwika zambiri m'kazengedwe kake, koma mu Febuluwale 1984 lidagamula kuti chilango chikhale chomwecho. Apa dziko lapansi lidalankhula. Bungwe la Amnesty International, limene lidayamba ku London mu 1961 pofuna kumenyera anthu omangidwa chifukwa cha maganizo kapena chipembedzo chawo, lidawatenga awiriwa ngati akaidi a chikumbumtima. Mpingo wa Church of Scotland, umene Dr. Banda ankanyadira kuti ndi mkulu wa mpingo wake, udapempha chifundo, ndipo maboma angapo adachita chimodzimodzi. Mu Juni 1984 chilango cha imfa chidasinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse. Pamenepa tiphunzirapo kuti makalata a anthu akutali, ngakhale sadatsegule chitseko cha ndende, adachotsa chingwe pakhosi.

M'ndende ya Zomba

Moyo umene adawasiyira udali wowawa. A Chirwa ankasungidwa m'chipinda cha okha, nthawi zina atamangidwa unyolo m'miyendo, chakudya chili chosakwanira, mankhwala osowa, alendo osaloledwa. Chowawa koposa n'chakuti akazi awo adali m'ndende yomweyo, kuseri kwa khoma, koma kwa zaka 8 awiriwa sadaloledwe kuonana. Munthu amene adalowa ali ndi zaka 62 adakalambira m'chipinda chimenecho, maso ndi makutu zikufooka chaka ndi chaka.

Kunja mphepo idayamba kusintha. Pa 8 Malichi 1992 maepiskopi a Chikatolika adatulutsa kalata yawo ya nyengo ya Lenti, imene idawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse, yodzudzula kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Mwezi wotsatira a Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe, ndipo mu Meyi maiko opereka thandizo adaimitsa mbali yaikulu ya thandizo lawo kufikira ufulu wa anthu utalemekezedwa. Mu Seputembala chaka chomwecho gulu la maloya ochokera ku Britain lidaloledwa kulowa m'ndende ya Zomba, ndipo pa mwayi umenewo a Chirwa ndi akazi awo adaonana. Alendowo adapeza bamboyo ali pafupi kuchita khungu, ndiponso akumva movutikira. Kumeneko kudali kuonana kotsiriza.

Pa 18 Okutobala 1992 Dr. Banda adalengeza kuti kudzakhala riferendamu yoti anthu asankhe pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri. Patangopita masiku awiri, pa 20 Okutobala, Orton Chirwa adamwalira m'ndende ya Zomba ali ndi zaka 73, atakhala m'manja mwa boma pafupifupi zaka 11. Adaikidwa kwawo ku Nkhata Bay, koma akazi awo sadaloledwe kukakhala nawo pamaliro. Mayi Chirwa adamasulidwa pa 24 Januwale 1993.

Zimene adatisiyira

Pa 14 Juni 1993 Amalawi pafupifupi awiri mwa atatu alionse adavotera zipani zambiri. Chaka chomwecho chiletso cha Mboni za Yehova chidachotsedwa, makhothi a miyambo oweruza milandu ikuluikulu adaimitsidwa, ndipo pa 17 Meyi 1994 kudachitika chisankho cha zipani zambiri. Paja mlandu suola: bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu, litaunika dandaulo la Amnesty International, lidapeza kuti boma la Malawi lidaphwanya ufulu wa banja la a Chirwa pa kazengedwe ka mlandu ndi pa kasungidwe kawo m'ndende. Patapita zaka Mayi Chirwa adasankhidwa kukhala mmodzi wa makomishonala a bungwe lomwelo, napatsidwa ntchito yoyendera ndende za mu Africa. Adayambitsanso bungwe la Malawi CARER lophunzitsa anthu ufulu wawo, ndipo mbiri ya moyo wawo adailemba m'buku lotchedwa Fearless Fighter, limene lidatuluka mu 2007.

Inu amene mwangotsiriza sukulu, tsegulani malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994. Gawo 33 likupatsa munthu aliyense ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi maganizo. Gawo 35 likupereka ufulu wolankhula. Gawo 42 likunena kuti womangidwa auzidwe chifukwa chimene wamangidwira, aonekere kukhothi pasanathe maola 48, akhale ndi loya, aitane mboni zake, ndipo aloledwe kuonana ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi abale ake. Mukawerenga mizere imeneyi mutamva mbiri ya a Chirwa, mudzaona kuti pafupifupi chinthu chilichonse cholembedwa pamenepo ndi chimene iwo adamanidwa.

Koma lamulo lolembedwa silidziteteza lokha. Ufulu umene udapezeka mu 1964 udayamba kutayika pasanathe miyezi itatu, anthu akuwomba m'manja, chifukwa omangidwa oyamba ankaoneka ngati adani a mtsogoleri wokondedwa. Nchifukwa chake mphunzitsi wophunzitsa mbiri ya dziko lino asalekere pa tsiku limene mbendera idakwera. Awauzenso ana za loya uja wa ku Nkhata Bay, za mpando umene adapereka ndi manja awiri, za mphamvu zimene iye ndi anzake adaunjikira munthu mmodzi, ndi za khothi lopanda loya limene lidamuweruza. Ndipo mukamva kuti wina wamangidwa chifukwa cha zimene wanena, walemba kapena wapemphera, musayambe mwafunsa ngati ndi wa chipani chanu kapena wa mpingo wanu. Yambani mwafunsa ngati wauzidwa mlandu wake, ngati wapatsidwa loya, ndiponso ngati maola 48 aja sadapitirire.